Uthenga wa pa Kompyuta ya Apongozi

Onesimo anali mkamwini pakhomo pa mayi Evelina ku Bangwe, ndipo unali ukamwini umene mwamuna wa m'tauni sautchula akakhala ndi anzake. Ntchito yake ya zamakompyuta pa kampani ina ku Limbe inatha mu 2008. Mwininyumba wa ku Namiyango anapirira mpaka kutopa, kenako Onesimo, mkazi wake Regina ndi khanda lawo Yakobe anapezeka ali m'kanyumba ka kuseri kwa amayi ake a Regina, momwe kale ankasungiramo mabenchi othyoka. Ankadya za apongozi, ankasamba madzi a apongozi, ngakhale laputopu yake inkayaka ndi magetsi a apongozi. Ameneyu ndi munthu wa dipuloma, amene dzulodzuloli ankakwera minibasi atamanga tayi.

Mayi Evelina anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, wamasiye, kwawo ku Chikwawa. Anatsegula sukulu yawoyawo ya pulayimale mumpanda momwemo: makalasi kutsogolo, nyumba yawo pakati, kanyumba ka mkamwini kumapeto pafupi ndi mapapaya. M'tauni anakhalamo zaka zambiri ndipo za kumudzi zambiri anazisiya, koma chimodzi anachigwiritsa. Mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sakhala pamodzi, sauzana zinthu maso ndi maso. Akakumana pa kanjira kopita kumpopi, mayiwo ankapatuka n'kuyang'ana kumbali, Onesimo n'kunyonyomala pang'ono, moni n'kupatsana chapatali. Zina zonse zinkadutsa mwa Regina.

Anzake a Regina ankaziseka zimenezi, amvekere za kumudzi zafika m'tauni. Onesimo sankaseka nawo. Anali mwana wa ku Phalombe, mwambowo ankaudziwa, ndipo kunena zoona unkamukomera. Pakhomo pamene analibe ngakhale supuni yakeyake, kuona mayi wamkulu ngati ameneyo akumupatukira njira kunali ulemu wokhawo umene unamutsalira, ndipo ankausamala.

Choncho anaganiza zothokoza ndi chimene manja ake ankatha. Kumapeto kwa teremu iliyonse aphunzitsi a pasukulupo ankatuluka thukuta ndi kuwonkhetsa malikisi pamanja, kusanja ana kuyambira nambala wani mpaka wotsiriza, n'kumakangana wina akaphonya. Onesimo anakhala pansi n'kulemba pulogalamu m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Visual Basic. Ukalemba dzina la mwana ndi malikisi ake n'kudina batani losunga, yokha inkawonkhetsa, kusanja, n'kutulutsa lipoti pa pulinta. Anakaiika pa kompyuta ya mu ofesi tsiku lina mayi Evelina ali ku tchalitchi, anaphunzitsa Regina, Regina n'kuphunzitsa amayi ake.

"Amayi akukunyadirani," anatero Regina madzulo ena akuthyola nkhwani. "Ku mphakati auza azimayi onse kuti mkamwini wawo amapanga zinthu zimene ena amakagula ku Joni."

Onesimo anangoti, "Ndi kanthu kakang'ono," koma tsiku limenelo anayenda pabwalo mutu uli m'mwamba, ndipo ndiwo anatapa mosadziwerengera.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Mayeso a teremu yachitatu atayamba kuchongedwa, Regina anabwera ndi uthenga.

"Amayi akuti chinthu chanu chija chikuvuta."

"Chikuvuta bwanji?"

"Angoti chikuvuta."

"Chikukana kutseguka? Chikuima? Chikulemba chiyani pa sikirini?"

"Bambo a Yakobe, ine ndangotumidwa."

Aliyense amene anakonzapo pulogalamu amadziwa kuti mawu akuti chikuvuta sakufikitsa kulikonse. Ali ngati wodwala amene wafika kuchipatala n'kungoti sindikupeza bwino, ukamufunsa pomwe pakupweteka iye n'kuyang'ana kudenga. Onesimo anadikira mpaka mayi Evelina atapita kumaliro ku Ntopwa, anatenga kiyi kwa Regina n'kukalowa mu ofesi. Anatsegula pulogalamu, analemba mwana wongopeka ndi malikisi ake onse, anadina batani. Zinayenda bwinobwino. Analemba wina, zinayendanso. Pamenepo anakayikira mafulashi a aphunzitsi, pakuti masiku amenewo fulashi iliyonse mu Blantyre inkayenda ndi vairasi yake. Anafufuza, anapezadi mavairasi angapo, anawachotsa, n'kutuluka akudzimva kuti ndi katswiri.

"Uwauze amayi kuti inali vairasi. Ndathana nayo."

Regina anapita, anabwerako. "Akuti zikomo. Koma akuti sichinasinthe."

Mutu wa Onesimo unayamba kutentha. Anaganiza kuti mwina pa kompyuta ya mu ofesi pakusowa kafayilo kena kamene laputopu yake inali nako, pakuti mapulogalamu a mtundu umenewu amakonda kuyenda bwino kwa mwini wake n'kukanyanyala kwa eni ntchito. Anakopera mafayilo onse, anawaikanso. Anapeza kuti kompyutayo inkalemba madeti poyamba mwezi kenako tsiku, monga amachitira ku Amereka, anatembenuza. Anachotsa pulogalamu yonse n'kuiikanso mwatsopano. Anafika popukuta fumbi m'kati mwa kompyuta ndi burashi ya nsapato, ntchito imene iye mwini ankadziwa kuti ilibe chochita ndi vutolo. Zonsezi ankazichita mozemba, nthawi imene mayi Evelina atuluka, ndipo nthawi iliyonse yankho linkabwera lomwelo kudzera mwa Regina.

Kenako uthenga unawonjezekera pang'ono. "Akuti ana ena akusowa. Amawalemba koma pa malipoti sakutuluka. Ndipo akuti sukulu tikutsekera Lachisanu, makolo onse aitanidwa."

Apa ndiye Onesimo anachita mantha enieni. Tsiku lotsekera sukulu ku Bangwe si la masewera. Makolo amabwera atatchena, amakhala pa mabenchi, mphunzitsi wamkulu n'kumaitana ana mmodzimmodzi. Mwana wa munthu akapanda kutchulidwa, mayi ake sapita kunyumba mwakachetechete. Ndipo aliyense pa mphakati ankadziwa kale amene anapanga chinthucho. Anatenga mayina a ana osowawo, anawalemba yekha ndi malikisi ongoganizira, onse analowa popanda chovuta. Anakhala ali ndwii, kuyang'ana sikirini imene inkagwira ntchito mokhulupirika pamaso pake n'kumakamuchititsa manyazi iye akachoka.

Anakwera minibasi kupita ku Limbe kukaona Willard, mnzake wa ku koleji amene ankayang'anira intaneti kafe ina kuseri kwa masitolo a amwenye. Willard anamvetsera nkhani yonse akudya chimanga chootcha.

"Aise, iwe ukuwombera m'mwamba," anatero. "Era, cholakwika cha mu pulogalamu, ngati sunaione ndi maso ako sungaikonze. Khala pambali pa yuza wakoyo, amene amaigwiritsa ntchitoyo, achite zimene amachita, iwe uzingoyang'ana zala zake. Basi."

"Sizingatheke."

"Chifukwa?"

"Yuza wake ndi apongozi anga."

"Ndiye?"

"Timapewana. Sindingakhale nawo pafupi, ngakhale kuwafunsa mwachindunji."

Willard anaseka mpaka chimanga chinamupalira. "Mu 2009 muno, man? Ndiye iwe ukukonza pulogalamu kudzera mwa ankhoswe!" Atatha kuseka anapukuta pakamwa n'kunena zanzeru. "Chabwino, tuma madamu ako, koma uwatume ndi funso lenileni. Osati chikuvuta bwanji. Akafunse kuti pamene chikuvutapo, amakhala akulemba mwana wotani, ndipo mwanayo akusiyana bwanji ndi anzake amene akulowa bwino."

Onesimo anabwerera ku Bangwe ndi funsolo ndipo analibwereza kwa Regina mpaka Regina anakwiya kuti iyenso anapita kusukulu. Anapita kwa amayi ake, anakhalitsako ndithu, ndipo pobwera nkhope yake inali yodabwa.

"Akuti zimachitika akafika pa mwana amene sanalembe phunziro lina. Monga amene anadwala. Amasiya malo a malikisi opanda kanthu, akadina kusunga ndiye chimavuta." Anakhala pa bedi n'kuyamba kumasula Yakobe kumbuyo. "Koma amayi masiku ano sindikuwamvetsa. Kale aphunzitsi ankathandizana nawo kulowetsa malikisi. Pano aletsa aliyense. Amadzitsekera okha mu ofesi, ngakhale ine akumandiuza kuti ndidikire panja. Maso awo omwe aja, kulemba ana onsewo okha."

Onesimo sanamve bwino mbali yachiwiriyo chifukwa ya poyamba inali itamutsegula kale m'maso. Malo opanda kanthu. Ana ake ongopeka, amene ankayesera pulogalamu, anali ana athanzi. Sankadwala malungo, sankapita kumaliro a agogo awo, ankalemba mayeso onse. Iye sanayesepo n'kamodzi komwe kusiya bokosi la malikisi lopanda kanthu. Pulogalamu ikafuna kuwonkhetsa nambala n'kupeza palibe nambala, iyenera kuti inkapunthwa n'kumusiya mwanayo osamusunga. Kanthu kakang'ono chonchi, kamene mwana wa chaka choyamba ku koleji amachenjezedwa.

Regina atatuluka kukaanika matewera, Onesimo anatsegula laputopu akumwetulira. Analemba dzina, analemba malikisi a Chichewa, a Chingerezi, a sayansi, a masamu anasiya. Anadina batani.

Pakati pa sikirini panatuluka kabokosi ka uthenga. Munalembedwa kuti: *Nkhalamba yolongolola ija yayambanso. Ambuye, ndichotseni pakhomo pano.* Pansi pake panali batani limodzi lokha, la OK.

Kumwetulira kunauma.

Mawuwo anali ake, ndipo anakumbukira mmene anafikira m'menemo. Wolemba mapulogalamu aliyense ali ndi njira yake yosakira pamene pakulakwika. Ya Onesimo inali yotchera timauthenga m'kati mwa khodi, mizere ya malamulo imene pulogalamu imatsata, kuti pulogalamu ikamayenda timutulukire pa sikirini, iye adziwe kuti yadutsa pati ndipo yaima pati. Anzake ankangolemba wani, thuu, fili. Iye manambala ankamusokoneza, ndiye ankalemba chilichonse chimene chinali m'makutu mwake nthawi imeneyo. *Yakobe wadzuka. Regina akukazinga bonya. Magetsi abwera.* Ntchito ikatha ankatichotsa tonse.

Tsiku limene ankalemba mbali yogwira zolakwika kunali kotentha, malata a kanyumbako akuthetheka. Mayi Evelina anaima pampopi n'kumauza Regina mokweza za mnyamata wina wa nyumba yoyandikana nayo amene ankagona mpaka dzuwa kufika pamutu, amayi ake akugulitsa makala. Anailankhula nkhaniyo, kuibwereza, kuitembenuza. Onesimo, ali m'nyumba masanasana pamene amuna anzake ali kuntchito, anaimva ngati ikunena iye. Mwina sinkanena iye n'komwe. Koma munthu wodya za eni amamva dzina lake paliponse, ndipo zala zake zinalemba zimene pakamwa pake sipakananena. Pochotsa timauthenga tija, aka anakaphonya, chifukwa kanali pansi penipeni, pamalo pamene pulogalamu inkafika pokhapokha zinthu zikalakwika. Ndipo kwa iye zinthu sizinkalakwika.

Tsopano mbali yachiwiri ya mawu a Regina inamufika. Amayi aletsa aphunzitsi. Amadzitsekera okha. Mwana aliyense amene anadwala teremu imeneyo, mayi Evelina ankawerenga mawu amenewo, n'kudina OK, n'kupitiriza. Kenako ankatuluka, n'kukumana naye pa kanjira ka kumpopi, n'kumupatukira.

Onesimo anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Ntchito itatha anachita manyazi, inde, ndipo tsiku limene ankatsitsa katundu pa lole anthu a mumpanda akuonerera anachitanso manyazi, koma amenewo anali manyazi a tsoka, oti munthu ukhoza kuloza kwina. Awa analibe kolozera. Analakalaka atangotuluka pageti n'kumayenda osatembenuka mpaka ku Phalombe.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi yoti tiyi n'kuzizira, ndipo zimenezo zinamuwawa kwambiri. Anafufuta mzere wonyansawo. Anawonjezera mizere ingapo yoti pulogalamu iziyamba yaona ngati bokosi lili lopanda kanthu, ikapeza choncho ifunse mwaulemu, kenako imusunge mwanayo ndi chizindikiro choti sanalembe. Anafufuza khodi yonse mzere ndi mzere, kuopa kuti mwina muli kena kobisala. Anaika pulogalamu yatsopano mu fulashi. Chimene chinatsala ndi kulowa mu ofesi mwakachetechete, kuchotsa yakale, n'kumakhala ngati palibe chinachitika. Mumtima ankadzinamiza kuti mwina mayiwo sankawerenga, mwina ankangodina OK monga amachitira anthu ambiri.

"Regina, kanditengere kiyi wa ku ofesi. Ndapeza vuto."

Regina anapita, ndipo anabwera chimanjamanja. "Akuti mupite. Ali momwemo."

"Ndidikira atuluke."

"Ayi, akuti mupite pompano, iwo ali momwemo. Ine akuti nditsale ndi mwana." Regina anaseka pang'ono. "Lero kugwa mvula."

Kuchoka pa kanyumba kawo kufika ku ofesi sipanali patali, koma Onesimo anayenda ngati wanyamula thumba la simenti. Ana anali ataweruka, m'makalasi munali zii. Anaima pakhomo, anati odi ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire, n'kunyonyomala pafupi ndi chitseko maso ali pansi.

Mayi Evelina anali pa mpando kutsogolo kwa kompyuta, magalasi ali pamphuno, mulu wa mapepala a mayeso uli pambali. Sanayang'ane kukhoma monga mwa masiku onse. Anatembenuza mpando n'kumuyang'ana.

"Tsekani chitseko. Kokani mpando uwo, mukhale apa."

"Amayi, ndili bwino pompano."

"Ndati mukhale apa. Mwakhala mukufunsa kuti chikuvuta bwanji. Lero muone."

Anakhala. Aka kanali koyamba kukhala pafupi nawo chotere, moti anamva fungo la sopo wa zovala zawo ndipo anaona kuti zala zawo zinali ndi choko m'mizere. Fulashi inali m'dzanja lake.

"Amayi, ndapeza kale cholakwika. Ndingoika iyi basi, musavutike."

"Sindikuvutika." Anatenga pepala limodzi. "Uyu ndi Olive, wa sitandade 4. Tsiku la masamu anali atagonekedwa kuchipatala. Ndiye ndimalemba dzina, chonchi. Chichewa, chonchi. Chingerezi. Pa masamu sindingalembe ziro, chifukwa mwanayu sanalephere, anadwala. Ndimasiya. Kenako ndimadina apa."

Ankalemba ndi chala chimodzi, mosafulumira, monga munthu amene wachita zimenezi kambirimbiri. Kabokosi kanatuluka. Pa kompyuta ya mu ofesi zilembo zinali zikuluzikulu, chifukwa Onesimo yemweyo anazikulitsa kuti mayiwo asamavutike kuona.

"Werengani."

Onesimo anagwetsa maso pansi.

"Werengani mokweza. Maso anga ndi a nkhalamba."

Onesimo anatsika pa mpando n'kugwada pa simenti. "Amayi, ndalakwa. Ndilibe chonena. Sindinalembere inu kuti muone, zinali zoyesera chabe, ndinaiwala kuchotsa. Ndinali..." Anaima, chifukwa anamva yekha kuti chilichonse chimene akuwonjezera chikuipitsa zinthu. Kunena kuti sanafune kuti aone kunali kuvomera kuti mawuwo anali ochokera pansi pa mtima.

Mayi Evelina anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje. Sanakweze mawu, ndipo Onesimo akanakonda akanakweza.

"Tsiku loyamba ndinayesa ndi mavairasi amene mumanenawo. Ndinati zinthu za azungu zayamba kutukwana m'Chichewa. Koma vairasi singadziwe kuti pakhomo pano pali nkhalamba. Ndinakhala pompano mpaka belu la ana kulira." Anabwezera magalasi. "Kulongolola ndimalongolola, limenelo si bodza. Ndaphunzitsa ana moyo wanga wonse, pakamwa panazolowera. Ukalamba nawonso sindikana. Koma izi zomupempha Mulungu kuti akuchotseni, simukanavutitsa nazo Mulungu. Geti lija masana silikhala lokhoma."

"Amayi, sindikufuna kuchoka. Mwatisunga ngati ana anu."

"Ndinakutumirani mawu kuti chikuvuta. Ndinati mwini wake akamva adzakumbukira zimene anaikamo, adzachotsa mwakachetechete, ine ndidzakhala ngati sindinaone. Inu n'kumapukuta fumbi." Anapumira m'mwamba. "Dzukani, mukudetsa thalauza. Bwezeretsani ana anga. Lachisanu makolo akubwera."

Anadzuka, anakhalanso pa mpando, n'kulowetsa fulashi. Anachotsa pulogalamu yakale, anaika yatsopano. Mayi Evelina sanasunthe, ankangoyang'ana zala zake. Atamaliza anawasendezera kiyibodi. Iwo analembanso Olive, anasiya masamu, anadina. Kabokosi katsopano kanatuluka: *Mwanayu alibe malikisi a phunziro limodzi. Kodi sanalembe mayeso?* Pansi pake panali mabatani awiri, Inde ndi Ayi.

Mayi Evelina anawerenga mpaka kumapeto, milomo ikuyenda. Anadina Inde. Olive analowa, dzina lake linaoneka pakati pa anzake.

"Kani mawu aulemu mumawadziwa," anatero.

Analowetsa ana ena onse amene ankasowa, mmodzimmodzi, Onesimo ali pambali ngati mwana wa sukulu amene wauzidwa kuti atsale anzake akaweruka. Palibe amene anakanika. Pulinta inayamba kulira n'kumatulutsa malipoti. Pa ntchito yake yonse, pulogalamuyo inali isanayendepo bwino chotere, ndipo Onesimo sanamve kukoma kulikonse.

Ataimirira kuti azipita, mayiwo analankhula osamuyang'ana, akusanja mapepala.

"Regina sanaone, aphunzitsi sanaone. Regina sindimuuza. Osati chifukwa cha inu. Mwana wanga amakunyadirani, ndipo sindikufuna kuti azidya nsima pakati pa anthu awiri akudziwa zimenezi. Inunso musamuuze kuti mupepukidwe mumtima. Katunduyu ndi wanu, munyamule."

Lachisanu zonse zinayenda bwino. Makolo anadzaza mabenchi, ana onse anatchulidwa, amayi ake a Olive analandira lipoti lolembedwa kuti sanalembe masamu chifukwa cha matenda ndipo anagwedeza mutu mokhutira. Bambo wina anaimirira n'kuyamikira kuti malipoti a chaka chino ndi ooneka bwino ngati a sukulu za ku Namiwawa. Mayi Evelina anathokoza, n'kupitiriza mwambo wa tsikulo. Onesimo anaonera zonsezi ali kuseri kwa kalasi, ndipo anthu atayamba kuwomba m'manja anabwerera m'kanyumba kake.

Anthu atabalalika, iye ndi Regina anakhala pakhonde, Yakobe akukwawa pakati pawo. Anamva mapazi. Mayi Evelina anatulukira pa ngodya ya nyumba, anabwera molunjika mpaka pakhonde penipeni, anaima n'kumuyang'ana Onesimo m'maso monga amayang'anira wolima pabwalo kapena mnyamata wobweretsa nkhuni.

"Onesimo, mabenchi aja sangagone panja. Kalowetse m'kalasi, ukatero ukhome, kiyi undipatse."

Anamuponyera kiyi pamiyendo, anatsina tsaya la Yakobe, n'kubwerera.

Regina anatsala kukamwa kuli yasa. Kenako nkhope yake inawala, anagwira mkono wa mwamuna wake n'kuugwedeza.

"Mwamva? Akuitanani ndi dzina! Abwera okha mpaka pano, osandituma ine. Bambo a Yakobe, amayi amasuka nanu. Alamu anga a ku Chilomoni akwatira mkulu wanga zaka zonsezi, mpaka lero amawapatukirabe ngati mlendo. Inu akutengani ngati mwana wawo wobereka." Maso ake analengeza misozi ya chimwemwe. "Ndinkapempherera zimenezi. Mwawachita chiyani kuti akukondeni chonchi?"

Onesimo anatola kiyi uja. Ankadziwa bwino chimene chinachitika. Mayiwo sanamusandutse mwana wawo. Anangoona kuti pakhondepo panalibenso munthu woti n'kumupatukira. Anayang'ana mkazi wake, wosangalala ngati tsiku la ukwati, ndipo anazindikira kuti chimwemwe chimenechi adzachisunga ndi bodza masiku onse amene adzakhale pakhomopo.

"Ndangowakonzera kompyuta," anatero.

Ananyamuka n'kupita kukanyamula mabenchi.